Ming'alu ya pamsewu imathera m'thumba la venda

Dzenje la pamsewu limayamba ndi timing'alu tolukanalukana ngati khungu la ng'ona, makamaka momwe mumaponda matayala. Lole yolemera ikadutsa, phula limapindika pang'ono n'kubwerera. Zikachitika kambirimbiri limatopa n'kung'aluka, nthawi zambiri kuyambira pansi. Mvula ikalowa m'ming'alumo dothi limafewa, phula n'kuyamba kugumuka.

Akatswiri a misewu amati katundu wogwera pa matayala akawirikiza kawiri, msewu umawonongeka pafupifupi ka 16. Ndiye wamalonda wokakamiza dalaivala kusanjikiza matumba ena a mbatatesi pa Lizulu asadabwe tomato akafika ku Limbe ali phala, mwini galimoto atakwezanso mtengo poti masipuling'i akuthyoka.

Nkhani ya zinyalala nayo ndi ya mavenda. Ngalande za m'misika ya m'mbali mwa M1 zikadzaza makoko ndi majumbo, madzi amadikha n'kulowerera pansi pa phula. Makomiti a misika achotse zinyalalazo mvula ya Novembala isanagwe. Nawo a Roads Authority azimata ming'alu ikadali yaing'ono, chifukwa ndalama ya pa zipata za Chingeni ndi Kalinyeke amalonda akuilipira kale.