TCHUTHI CHACHIKULU NDI ANA A KUGOMBE LA CHILWA

Sukulu zikatsekera kumapeto kwa July, belu silimvekanso mpaka September. Kwa mwana wa m'tauni ya Zomba, masabata amenewa ndi opumula. Koma kwa mwana wa kwa Mwambo kapena kwa Kuntumanji, kufupi ndi doko la Kachulu kumene msewu wochokera ku Zomba umathera, iyi ndi nyengo imene moyo wake ungathe kukhota osaongokanso. Aphunzitsi a m'derali amadziwa bwino kuti poitana maina tsiku lotsegulira, alipo ena amene sayankha.

Zifukwa zake sizobisika. Nyanja ya Chilwa ili ndi matemba, makumba ndi milamba, ndipo m'miyezi imeneyi usodzi umakhala uli mkati. Mnyamata wa Sitandade 6 akakoka nawo khoka kapena kuyanika nsomba, madzulo amagwira ndalama imene sanaigwirepo chibadwire. Akazolowera kugona m'zimbowera, tinyumba toyandama ta asodzi, choko ndi bolodi zimasanduka zachibwana m'maso mwake. Mtsikana naye amatumidwa kudoko ndi beseni la zitumbuwa, kumene amakumana ndi amuna a ndalama za nsomba ndi za mpunga wongokololedwa kumene. M'sukulu zimene ana amalandira phala, nalonso limaima pamodzi ndi maphunziro. Boma linachotsa fizi ya kupulayimale mu 1994, koma silinachotse njala ndi zokopa za kugombe.

N'chifukwa chake ganizo lakuti mpingo uzisonkhanitsa ana patchuthi, kubwera m'mawa ndi kubwerera kwawo dzuwa likapendeka, liyenera kulandiridwa ndi manja awiri. Ganizoli si lachilendo. Mu 1780 Robert Raikes anayamba kusonkhanitsa ana osauka a mumzinda wa Gloucester ku Mangalande tsiku la Sabata, chifukwa masiku ena onse anali kugwira ntchito, ndipo anawaphunzitsa kuwerenga pogwiritsa ntchito Baibulo. Sande Sukulu inakula kuchokera pamenepo. Ku America, cha m'ma 1890, mipingo inayamba sukulu za Baibulo za patchuthi pofuna kuchotsa ana m'misewu. Kuno kwathu, mishoni ya Domasi, imene inatsegulidwa mu 1884, inamanga tchalitchi ndi sukulu ngati mapasa. Mpingo umene ukusamala ana patchuthi ukungobwerera ku ntchito yake yakale.

Komabe chovala cha mwini sichikwana bwino. Kumaiko a azungu tchuthi chachikulu chimagwa m'nyengo yofunda, ndipo mwana amabwera atakhuta, atanyamula kamba m'chikwama. Mpingo wa kugombe ukangotengera ndondomeko ya kumeneko, kapena kudikira alendo obwera ndi mipira ndi maswiti, udzasangalatsa ana sabata imodzi basi. Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Ntchitoyi iyenera kumangidwa pa zimene zilipo, ndipo zofunika kuziganizira ndi zisanu.

Choyamba ndi chakudya. Mwana wanjala samva nyimbo kapena vesi, ndipo mpingo umene sungathe kupereka chakudya kamodzi patsiku usayambe n'komwe, pakuti udzagonja kwa mwini khoka. Zopereka za masika zimabwera mpunga ndi chimanga zitangokololedwa. Akuluampingo apatuleko matumba a ana nthawi yomweyo, asanagulitse zotsalazo. Amayi a Mvano, a m'miphakati ndi a magulu ena agawane masiku ophika, ndipo phala la mgaiwa lothira nsinjiro ndi lokwanira. Ndi bwino kuchita masabata awiri ana akudya, kusiyana ndi kulengeza mwezi wathunthu mphika n'kuuma pakati.

Chachiwiri ndi madzi. Chilwa ilibe mtsinje wotulutsa madzi; Domasi, Likangala, Thondwe ndi mitsinje ina imathiramo zonse zimene yatola m'njira. Kolera wakhala akubuka kawirikawiri pakati pa asodzi a m'nyanjayi, moti mu 2016 a zaumoyo anachita kukawapatsa katemera komweko. Mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023 unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Kusonkhanitsa ana zana limodzi pamalo opanda chimbudzi chabwino ndi kuitana maliro. Pakhale zimbudzi za anyamata ndi za atsikana, madzi a pamjigo othira mankhwala, sopo, ndi mapaketi a Thanzi. Mlangizi wa zaumoyo aitanidwe kudzafotokoza za likodzo, limene ana ambiri amalitenga posamba m'madzi odikha, ndiponso kuti kukodza magazi si chizindikiro cha kukula koma matenda ochizika. Ulendo wa pabwato wokaona chilumba cha Chisi ungakome m'maganizo, koma popanda zovala zoyandamitsa ana usachitike.

Chachitatu ndi antchito. Apa ndi pamene achinyamata amene angolemba mayeso a Fomu 4 ali ndi mwayi woonetsa kuti sanapite kusukulu pachabe. Miyezi yodikira zotsatira imatha ndi bawo pansi pa mtengo, chonsecho mng'ono wawo akulephera kulumikiza zilembo. Wachinyamata mmodzi atenge ana khumi kapena khumi ndi asanu, awadziwe maina ndi makomo awo. Koma changu chopanda luso chimatopetsa ana. Aphunzitsi, ngakhale nawo ali patchuthi, apereke masiku awiri oyamba kuwaonetsa achinyamatawa kakonzedwe ka phunziro ndi kakhazikitsidwe ka bata popanda chikwapu. Pakhalenso malamulo osapsatira: kaundula wa m'mawa ndi wa madzulo, chilolezo cha makolo, wamkulu asatsale yekha ndi mwana m'chipinda, ndipo pakhale mayi wodalirika amene mtsikana angamuuze chomuvuta. Chiyambire 2017, malamulo aakulu a dziko lino amati aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana. Chovala cha mpingo sichiika munthu pamwamba pa lamulo limeneli.

Chachinayi ndi zophunzitsa. Mawu a Mulungu ndiwo mutu, ndipo ana a asodzi sadzavutika kumva nkhani za ophunzira amene anasiya makoka awo m'mbali mwa nyanja ya Galileya. Koma tsiku lonse lisakhale ulaliki. Ola limodzi la kuwerenga Chichewa mokweza, lina la masamu a pamsika, kenaka nthano, zilape, phada, fulaye ndi mpira: izi zimasunga mutu wa mwana kuti usachite dzimbiri. Agogo aitanidwe kudzaphunzitsa kuluka mikeka ndi madengu, ndi kudzasimba za 1968 ndi 1995, pamene nyanja inaphwa anthu n'kumayenda pansi kupita ku Chisi. Mu 2018 madzi anathawanso, mabwato n'kutsala pamatope ku Kachulu. Mwana amene wamva mbiri imeneyi kuchokera kwa anthu amene anaiona adzazindikira yekha kuti nyanja ndi mayi wopatsa koma wosadalirika, ndi kuti pofunika chuma china chimene sichiphwa ndi chilala.

Chachisanu ndi kukhala bwino ndi mudzi. Tchuthi chomwechi ndiyo nyengo ya zinamwali, ndipo m'derali muli Asilamu ambiri amene ana awo amapita kumadrasa. Mpingo umene ungaike masiku ake mwamakani, osafunsa mafumu, anankungwi ndi mashehe, udzagawa mudzi ndi kuika ana pakati pa moto uwiri. Kukambirana kusanachitike kanthu kumathetsa zambiri. Mwana wa Chisilamu akabwera ndi chilolezo cha makolo ake, adye ndi kuwerenga pamodzi ndi anzake popanda kumuumiriza kusiya chipembedzo chake. Mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Tsiku lotsiriza padzakhala nyimbo ndi masewero, makolo adzaomba m'manja, ndipo mlembi adzalemba chiwerengero cha ana amene anabwera. Koma chiwerengero chenicheni chidzadziwika mu September. Komiti itenge kaundula wake, ipite naye kwa mphunzitsi wamkulu sabata yoyamba ya teremu, ndipo maina afananizidwe. Amene sanaoneke m'kalasi alondoledwe kwawo, kudoko, ngakhale kuzimbowera, asanazolowere. Mpingo umene udzabweza ana ake onse pa desiki ndiwo udzakhale utagwira ntchito, ngakhale utakhala wofolera ndi udzu.