Musataye laputopu chifukwa cha Wi-Fi

Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndiye ena tikuika Linux m'malaputopu athu akale. Mukangomaliza kuika, Wi-Fi zii. Anzanu akuuzani kuti khadi yapsa, gulani laputopu ina. Ndi ndalama ziti, fizi isanathe n'komwe?

Nthawi zambiri khadiyo ili bwinobwino. Makhadi akale ambiri a Broadcom amafuna firmware imene sibwera pamodzi ndi Linux chifukwa cha laisensi ya kampaniyo. Chokwiyitsa n'chakuti pamafunika intaneti kuti mupeze chinthu chokupatsani intaneti.

Koma foni muli nayo. Ilumikizeni ndi chingwe cha USB, yatsani tethering, lembani lspci mu terminal muone dzina la khadi. Pa Ubuntu kapena Debian, makhadi ambiri otere amadzuka ndi firmware-b43-installer, ndipo kabandulo kakang'ono kakwana.