Matenda a chiwindi asamadikire dotolo wa ku Queens

Malume anga anapita kanayi pachipatala chaching'ono cha kwathu m'chaka chimodzi. Ulendo woyamba ankadandaula kufooka ndi kusafuna kudya. Anawayeza malungo, sanapezeke, anabwerako ndi panado. Ulendo wachiwiri anauzidwa kuti mwina ndi zilonda za m'mimba. Wachitatu maso anali atayamba chikasu, ndipo kumudzi kunali manong'onong'o akuti wina wawalodza chifukwa cha mkangano wa munda. Pofika ulendo wachinayi mimba inali itatupa, miyendo nayo chimodzimodzi. Apa ndi pomwe anawalembera kalata yopita kuchipatala chachikulu.

Kumeneko ndi komwe banja lathu linamva koyamba mawu akuti hepatitis B. Adokotala anatiuza mosabisa kuti chiwindi chinali chitaonongeka kale, tachedwa. Patangotha miyezi itatu tinaika maliro. Anali ndi zaka 44.

Mnyamata yemwe ankawaona maulendo anayi aja sindimuimba mlandu. Mzere wa odwala pachipatalapo umafika panja, pansi pa mtengo wa mango, iye ali yekha. Anachita zomwe anaphunzitsidwa: kutentha thupi, yeza malungo, chifuwa chosatha, yeza TB, kuonda, yeza HIV. Za chiwindi palibe anamukhazika pansi n'kumuphunzitsa mokwanira. Ndiye maganizo anga ndi awa: ngati tikufuna kuti anthu asiye kufa ngati malume, nzeru za matenda a chiwindi zichoke ku Queens, ku Kamuzu Central, ku Zomba ndi ku Mzuzu Central, zifike m'chipinda chomwe wodwala amayamba kulowamo. Aphunzitsidwe anamwino, azamba, ma clinical officer ndi ma medical assistant.

Vutoli si laling'ono. Lipoti la bungwe la WHO la 2024 linati m'chaka cha 2022 anthu 254 miliyoni padziko lonse anali ndi hepatitis B, enanso 50 miliyoni anali ndi hepatitis C. Chaka chimenecho matendawa anapha anthu 1.3 miliyoni, kutanthauza maliro 3,500 tsiku lililonse. Mwa anthu 100 alionse a hepatitis B, 13 okha ndiwo ankadziwa kuti ali nayo, ndipo olandira mankhwala anali atatu basi.

Chifukwa chake n'chakuti kachilomboka sikachita phokoso. Munthu amatha kukhala nako zaka 20 kapena 30 akusewera mpira, akulima, akuoneka wathanzi, pomwe chiwindi chikudyeka pang'onopang'ono mpaka kulimba kapena kuyambitsa khansa. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Wodikira kuti maso achite chikasu ndiye kuti wadikira mochedwa. Njira yodziwira ndi kuyeza magazi, ndipo kachida koyezera hepatitis B kamafanana ndi ka HIV kaja: kubaya chala, kadontho ka magazi, zotsatira mphindi zochepa.

Achinyamata anzanga, nkhaniyi ikutikhudza mwachindunji. Katemera woteteza ku hepatitis B analowa m'ndondomeko ya katemera wa ana kuno ku Malawi m'chaka cha 2002, ndipo amaperekedwa mwana akakwana masabata 6, 10 ndi 14. Ngati munabadwa chaka chimenecho chisanafike, kusikelo simunamulandire. Kafukufuku yemwe anachitika ku Ndirande mumzinda wa Blantyre anapeza kachilomboka mwa akuluakulu pafupifupi 5 pa 100 alionse, pomwe mwa ana obadwa katemera atayamba sanafike ngakhale mmodzi pa 100. Katemera akugwira ntchito, koma abale athu aakulu, makolo athu ndi ambiri a ife tinatsalira kunja.

Nanga wachipatala wophunzitsidwa bwino angasinthe chiyani? Choyamba, amadziwa woti amuyeze: mayi woyembekezera, munthu yemwe ali ndi HIV, yemwe akuyamba PrEP, ndi onse a m'nyumba mwa munthu yemwe wapezeka nako. Chachiwiri, amadziwa zonena zotsatira zikatuluka. Amafotokoza kuti kachilomboka kamafala kuchokera kwa mayi kupita kwa mwana pobereka, pogonana popanda kondomu, pobwerekana malezala, potema mphini kapena kujambula tatuu ndi zida zosaphikidwa. Amanenanso kuti sikafala podyera mbale imodzi kapena popatsana moni, kuti munthu asasalidwe kunyumba. Amachenjeza za mowa ndi mankhwala azitsamba osadziwika, zomwe zimalemetsa chiwindi chodwala kale.

Chachitatu, amadziwa kusiyanitsa wofunika mankhwala lero ndi wofunika kumangomuona pafupipafupi, poti si aliyense wa hepatitis B amayamba mankhwala. Malangizo atsopano omwe WHO inatulutsa mu 2024 anafewetsa zimenezi. Pali kawerengedwe kotchedwa APRI komwe kamangofuna zotsatira ziwiri za magazi zomwe ma labu a zipatala za maboma amayeza, ndipo masamu ake angachitike pafoni. Mankhwala akenso si achilendo. Ndi tenofovir, yemwe ali kale m'ma ARV omwe anamwino athu akhala akupereka kwa zaka zambiri. Samachotseratu kachilombo, koma amakagonetsa n'kuteteza chiwindi. Wachipatala wodziwa amachenjezanso kuti munthu wa hepatitis B akasiya mwadzidzidzi mapiritsi okhala ndi tenofovir, kaya ndi ma ARV kapena PrEP, chiwindi chimatha kutupa moopsa.

Kusikelo ndiye kuli phindu lalikulu. Mwana akatenga kachilomboka pobadwa, 9 mwa 10 amakhala nako moyo wonse, pomwe munthu wamkulu akatenga, kawirikawiri thupi limakagonjetsa lokha. Mzamba wodziwa amayeza mayi, amaona ngati akufunika tenofovir ali woyembekezera, ndipo amadziwa kuti WHO imalangiza katemera woyamba pasanathe maola 24 mwana atabadwa. Mu Africa muno, m'chaka cha 2022, ana 18 okha pa 100 ndiwo analandira katemera wa tsiku loyambayu.

Ena anena kuti matenda a chiwindi ndi a madokotala aukadaulo, namwino sangathe. Mawu omwewa ankanenedwa pa nkhani ya ma ARV. Boma litayamba kupereka ma ARV aulere mu 2004, dziko lino linalibe madokotala okwanira, ndiye linaphunzitsa ma clinical officer ndi anamwino. Lero agogo akumudzi amakatenga mankhwala pachipatala cha pafupi, ndipo maiko ena anabwera kudzaphunzira kwa ife.

Pa chiwindi penipenipo umboni uliponso. Ku New Mexico m'dziko la America, katswiri wa chiwindi Dr Sanjeev Arora anaona odwala hepatitis C akudikira miyezi 8 kuti aonane naye. Mu 2003 anayambitsa Project ECHO: sabata iliyonse azachipatala akumidzi ankakumana ndi akatswiri pakanema wa paintaneti, aliyense n'kufotokoza za wodwala wake, n'kuthandizana nzeru. Kafukufuku wa 2011 anasonyeza kuti odwala ochira m'manja mwa azachipatala akumidziwo anali ochuluka mofanana ndi a kuchipatala cha yunivesite. Ndipo nthawi imeneyo mankhwala anali ovuta, a jakisoni. Lero hepatitis C imachira ndi mapiritsi a masabata 8 mpaka 12.

Tinene zoona, maphunziro okha sakwanira. Wophunzira yemwe alibe zoyezera, kapena yemwe magazi a wodwala wake akapita kuboma zotsatira sizibwerera, amangokhumudwa. Komanso maphunziro omwe ndikunena si aja a masiku atatu kuhotela ya kunyanja, anthu n'kusaina alawansi, kujambulitsa, basi kwatha. Ndikunena zolowa m'silabasi ya makoleji a anamwino ndi ma clinical officer, kenako katswiri woti wachipatala wa ku Nsanje kapena ku Chitipa azitha kumufunsa mwezi ndi mwezi, ngakhale pafoni. Unduna wa Zaumoyo, zipatala za CHAM ndi mabungwe othandiza aike ndalama pa zitatu izi limodzi: munthu wophunzira, zoyezera ndi mankhwala.

Ife tisangokhala chete kudikira. Mukapita kuchipatala, funsani kuti, "Adokotala, kodi pano mumayeza hepatitis B?" Mlongo wanu akayamba sikelo, mukumbutseni afunse. Ngati munapereka magazi kusukulu n'kuuzidwa kuti muli ndi vuto la chiwindi, musabise kapepalako m'chikwama, pitani nako kuchipatala. Funso likamveka kawirikawiri pawindo, limafika ku ofesi ya boma.

Maliro a malume atatha, tinatenga ana awo anayi ndi azakhali kukayezetsa. Mwana wawo woyamba, wobadwa 1999, anapezeka nako. Pano amapita kukaonedwa miyezi isanu ndi umodzi iliyonse, koma ulendo wake ndi wa minibasi ziwiri, kudutsa pakhomo pa chipatala chija chomwe chili pafupi ndi kwawo. Ndikufuna tsiku lina azitsikira pomwepo.