Kachipangizo koyezera chigodola kafike pakhola

Nkhumba zikayamba kugwa m'mudzi, mlimi sadikira zotsatira zochokera ku Lilongwe. Akaona kuti makutu afiira, nkhumba yakana gaga, yangogona pangodya n'kumawefuka, amanola mpeni usiku womwewo. Kukacha nyama ili panjinga ulendo wa kumsika, madzulo ili pachiwaya. Kachirombo ka chigodola kamakhala m'nyama kwa miyezi, choncho zotsala zikatayidwa pomwe nkhumba zina zimafukula, mliri walowa mudzi wina.

Chigodola cha nkhumba chilibe mankhwala, ndipo kwathu kuno kulibe katemera wake. Ku Mchinji chinakhazikika kalekale, mpaka nkhufi zobisala m'ming'alu ya makola zimasunga kachiromboka. Chotitsalira n'chimodzi: kuzindikira msanga ndi kutseka njira. Nanga tikuzindikira bwanji? Mlangizi wa ziweto, amene dera lake ndi midzi yosawerengeka, atenge magazi, asake galimoto, awatumize ku labotale ya boma ku Lilongwe. Yankho likamabwera, m'makola mwatsala ndowe zokha.

Chomvetsa chisoni n'chakuti chida chilipo. Akatswiri amachitcha biosensor, koma Mmalawi aliyense anachionapo: n'chofanana ndi kachipangizo kaja a zaumoyo amayezera malungo kumudzi. Amadontheza magazi pakapepala komwe anapakapo tinthu togwira kachiromboka basi. Kakagwidwa, mzere wachiwiri umaonekera pasanathe theka la ola. Zoyezera zotere zinapangidwa kale za chigodola, ngakhalenso za matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi omwe amatseketsa misika ya ng'ombe ku Chikwawa ndi Nsanje.

Ena amati kachipangizoka kamaphonya, makamaka matenda akangoyamba. N'zoona, ndipo labotale idzafunikabe kuti itsimikize. Koma mzere woonekera lero ukhoza kuletsa njinga ya nyama kutuluka mawa. Pepala lobwera pakatha masabata limangolembera maliro.

Chaka ndi chaka timathira mabiliyoni mu feteleza wotsika mtengo. Sindikutsutsa. Komatu nkhumba ndi imene imalipirira mwana kusekondale chimanga chikakanika, ndipo nduna zathu zikamakamba za ulimi ziweto zimabwera kumapeto ngati zoiwalika.

Pali china chimene boma limazemba. Mlimi akadziwa kuti mzere wachiwiri ukutanthauza kuphedwa kwa nkhumba zake popanda chipukuta misozi, sadzamuitana mlangizi. Adzabisa, n'kugulitsa usiku monga akuchitira panopa, ndipo ine sindingamudzudzule munthu amene chuma chake chonse chili m'khola limodzi. Aphungu akamakambirana bajeti ya unduna wa zaulimi, afunse mizere iwiri pamodzi: ya zoyezera zoti zikhale m'chikwama cha mlangizi aliyense, ndi ya ndalama zolipira mlimi amene wanena yekha kuti kwake kwagwa matenda.