Za Dooko la Chinde

Mafumu ndi abale a Msonkhano, tikumbukire Chinde, ku mathiriro a Zambezi. M'caka ca 1891 Apwitikizi anabwereketsa malo kumeneko kwa Angerezi, ndipo katundu wa dziko lino anali kutsikira pomwepo, nakwera Zambezi ndi Shire m'masitima. Koma njanji yocokera ku Beira itafika pa Zambezi mu 1922, ndi ulalo wa Dona Ana utatsegulidwa mu 1935, malonda athu anapatuka, ndipo Chinde anafota.

Pakuti moyo wa dooko uli m'njira yace. La Nsanje linatsegulidwa mu 2010, Boma la Mozambique lisanalole masitima kupita pa Zambezi, ndipo lakhala cabe. Cifukwa cace tipemphe Boma kuti liziyamba lapangana ndi anansi, lisanamange. Mau awa tiwaweruze pa msonkhano.