Khasu N'lathu, Nanga Mpini Ndi wa Yani?

Tiyerekeze kuti mlimi wapita kwa wosula zitsulo kukagula khasu. Wosulayo amgulitsa khasu pa mtengo wotsika modabwitsa, koma amlamula kuti mpini ukadzathyoka asakadule mtengo kuthengo, asakapemphenso kwa mnansi, koma adzabwerere kwa iye yekha, ndipo mpini uliwonse azidzagula pa mtengo wolingana ndi wa khasu lomwelo. Mlimi wanzeru angangoseka, nachokapo. Komatu ife amene timasunga maofesi a masukulu, a zipatala ndi a maparishi tidavomera kale malonda otere, osaseka ndiponso osadandaula, pa nkhani ya makina osindikizira aja timawatchula kuti pulinta.

Malondawo amayenda motere. Makina amagulitsidwa motchipa kuti alowe m'nyumba mwathu, pakuti phindu lenileni lili mu inki ndi mu tona zimene tidzagula kwa zaka zambiri. Makina ambiri atsopano amadza ndi katiriji yosadzaza, yongoyambira ntchito. Ikatha, pamenepo ndi pamene timadziwa mtengo wa mpini. Taonani katiriji ya HP 85A imene imapezeka m'maofesi ambiri: pa bokosi pake amati imasindikiza masamba pafupifupi 1,600. Koma chiwerengerocho chimachokera pa muyeso wa ISO/IEC 19752, umene umayesa ndi tsamba lolembedwa pang'ono chabe, ngati magawo 5 pa 100 alionse a pepala. Mayeso a masamu okhala ndi zojambula, kapena chikalata chodzala mizere yakuda, zimadya tona woposa pamenepo. Tsono kumbukirani kuti zonsezi zimachokera kunja, ndi kuti kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi magawo 25 pa 100 mu Meyi 2022, kenaka ndi magawo 44 pa 100 mu Novembala 2023. Kodi amalipira ndani? Ndi mayi uja wogulitsa tomato pamsika, amene mwana wake wabwezedwa kusukulu kuti akatenge ndalama zosindikizira mayeso.

Pali njira yochepetsera katunduyu, ndipo siyobisika. Pali makatiriji akale amene amatsukidwa, nakonzedwa zimene zidatha, nadzazidwanso. Palinso makatiriji atsopano opangidwa ndi makampani ena, olembedwa dzina lawolawo, amene amagwirizana ndi makina athu. Mitundu iwiriyi kawirikawiri imatsika mtengo kwambiri. Chodabwitsa n'chakuti ambiri mwa ife timaigula mwamanyazi ngati tikugula katundu wakuba, ndipo ena safuna n'kuiyang'ana komwe. Manyazi amenewa sadamere okha, adachita kufesedwa.

Kodi kudzazanso katiriji n'kuba? Funsoli lidafika kale m'mabwalo a milandu a dziko lomwe makampani ena mwa amenewa amachokera. M'chaka cha 2002 kampani ya Lexmark idasumira kampani ya Static Control Components chifukwa chopanga tizipangizo tating'ono totchedwa chip, tothandiza kuti makatiriji odzazidwanso agwire ntchito. M'chaka cha 2004 bwalo la apilo lidachotsa chiletso chimene Lexmark idapeza poyamba. Kampani yomweyo idalimbananso ndi Impression Products, kakampani kakang'ono ka ku West Virginia, ndipo pa 30 Meyi 2017 Bwalo Lalikulu la ku United States, m'chigamulo cholembedwa ndi woweruza wamkulu John Roberts, lidati kampani ikagulitsa chinthu, ufulu wake wa patenti pa chinthucho wathera pomwepo. Wogula ndiye mwini. Agogo athu adalidziwa lamulo limeneli popanda kupita ku Washington: ukagulitsa mbuzi, sulondola wogula kukamuuza udzu woti idye.

Makampani ena amalondola mbuzi ija mwa njira inanso, ya loko. Mu Seputembala 2016 makina ambiri a HP, amene dzulo lake adali kusindikiza bwinobwino, adayamba kukana makatiriji a makampani ena, chifukwa cha pulogalamu imene idalowetsedwa m'makinamo kudzera pa intaneti eni ake osadziwa tanthauzo lake. Anthu atadandaula, kampaniyo idapepesa kuti sidafotokoze bwino, koma mchitidwewo sudathe. M'chaka cha 2020 bungwe loona za mpikisano wa malonda ku Italy lidailipitsa chindapusa cha mayuro 10 miliyoni chifukwa chosawauza ogula momveka za malire amenewa. Ndipo mu Januwale 2024 Enrique Lores, amene pa nthawiyo adali mkulu wa kampaniyo, adanena poyera pa wailesi ya kanema ya CNBC kuti wogula makina amene sagula inki yawo ndi munthu amene kampani yataya naye ndalama, nawonjeza kuti cholinga chawo n'chakuti kusindikiza kudzakhale chinthu cholipira mwezi ndi mwezi. Tiyamike kuti adalankhula mosabisa. Kwa iwo pulinta ili pa tebulo lathu ndi msampha wotchera kale, ndipo nyama yake ndife.

Amatiuza kuti chip chija chimateteza makina athu. Nanga bwanji kumayambiriro kwa chaka cha 2022, tizipangizoti titasowa pa dziko lonse, kampani ya Canon idagulitsa makatiriji ake ena opanda chip, niphunzitsa yokha ogula m'mene angadumphire machenjezo a makina? Makinawo adasindikiza ndithu. Onaninso ichi: kampani ya Apex ya mumzinda wa Zhuhai ku China, kumene kumapangidwa makatiriji ochuluka a mtundu wotsika mtengowu, idagula Static Control m'chaka cha 2015, ndipo m'chaka cha 2016 idatsogolera gulu limene lidagula Lexmark yomwe. Adani a m'bwalo la milandu adadzakhala pansi pa denga limodzi. Akuluakulu akamagwirana chanza chotere, ife osauka tichitirenji manyazi?

Komabe tisaname, pakuti mlandu wabwino sufuna mboni yabodza. Si katiriji iliyonse yotchipa imene ili yabwino. Ina imataya tona m'makina, ina imalemba mozimiririka, ina imatha masamba asanakwane theka, ndipo inki yoipa imatseka timabowo ta makina a inki yamadzi. Choipitsitsa ndi mtundu wachitatu, umene tiyenera kuudzudzula kolimba: katiriji yachinyengo, yoikidwa m'bokosi lolembedwa dzina la kampani yotchuka, nigulitsidwa pa mtengo wa yeniyeni. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Kumeneko ndiye kuba kwenikweni. Ndipo wogula zinthu za ofesi amene atenga katiriji yotchipa, nalembetsa lisiti la mtengo wa yeniyeni, natsekera zotsalazo m'thumba mwake, sangaloze chala makampani a kunja. Iye ndiye wadya ndalama za mayi wa tomato uja.

Tichitenji tsono? Choyamba, tisiye kufunsa mtengo wa makina okha, tifunse mtengo wa tsamba limodzi: mtengo wa katiriji tiugawe ndi masamba amene imasindikiza. Safunsa adadya phula. Chachiwiri, tigule kwa wamalonda wodziwika, amene amanena poyera kuti katiriji yake si ya eni makina ndipo amalola kubweza ikavuta. Tiyese imodzi, tilembe m'kabuku masamba amene yatulutsa, tisanagule khumi. Chachitatu, tiwerenge pepala la chitsimikizo cha makina, ndipo tisamangovomera pulogalamu yatsopano iliyonse imene makina apempha, osadziwa chimene ikudzatseka. Chachinayi, pogula makina ena tiganizire aja okhala ndi matanki othiramo inki ya m'botolo, monga EcoTank ya Epson kapena MegaTank ya Canon. Amadula pogula koma tsamba lake limatchipa, malinga azigwira ntchito kawirikawiri kuti inki isaume. Chachisanu, mutu umodzi susenza denga: masukulu ndi maofesi oyandikana agwirizane pogula, auzanenso za wamalonda wokhulupirika ndi wonyenga yemwe.

Katiriji yodzazidwanso ndi pulasitiki imodzi yosatayidwa kudzala, kumene ana athu amatola zoseweretsa ndipo utsi wa zinyalala umalowa m'zifuwa zawo. Ndalama zopulumutsidwa ndi choko, ndi mankhwala, ndi mwana mmodzi wosabwezedwa pakhomo la sukulu. Ndalama zimene timagwira m'maofesi athu si zathu. Tidangosungitsidwa, ndipo adatisungitsa ndi anthu amene adazipeza ndi thukuta. Mawa m'mawa, makina akalemba kuti tona watha, tiyambe tatenga pensulo ndi kuwerengera tisanatume munthu kusitolo. Khasu tidagula ndi ndalama zathu. Mpini tisankhe tokha.