Wodwala khansa asadikire tsiku lolembedwa pakhadi

Wodwala khansa yofalikira akatuluka ku Cancer Diseases Hospital ku Lusaka n'kubwerera kwawo ku Chipata, amasiyana ndi madokotala omudziwa ndi mtunda woposa makilomita 500. Ululu ukakula, kusanza kukapitirira kapena chifuwa chikabanika, banja limangopirira mpaka tsiku lolembedwa pakhadi, apo ayi limakongola ndalama ya basi zinthu zitafika kale poipa. Kudikira kumeneku n'kopeweka. Unduna wa Zaumoyo uyambe kufunsa odwala oterewa za umoyo wawo kudzera pafoni, sabata ndi sabata.

Umboni wake ulipo. Kuchipatala cha Memorial Sloan Kettering ku New York, Ethan Basch ndi anzake anatsatira odwala 766 a khansa yofalikira omwe ankalandira chemotherapy. Gulu limodzi linkanena pa kompyuta mmene likumvera pa mavuto 12, monga ululu, nseru ndi kubanika, ndipo vuto likakula anamwino ankalandira uthenga. Zotsatira zomwe zinatuluka mu 2017 zinaonetsa kuti theka la gululi linapitirira miyezi 31 lili moyo, pamene m'gulu linalo theka linangofika miyezi 26. Mavuto ankagwidwa akadali aang'ono, choncho odwala ankatha kupitiriza mankhwala nthawi yaitali. Zoona, kafukufuku wina wotsatira, wa m'zipatala 52 za ku America, sanapeze kusiyana pa kutalika kwa moyo. Koma odwala ankapezako bwino m'thupi ndipo sankathamangitsiridwa kuchipatala kawirikawiri. Kwa munthu yemwe khansa yake sidzachira, phindu limeneli si laling'ono.

Ena anganene kuti zimenezo n'za kunja, chifukwa kumidzi ya ku Vubwi kapena Chadiza netiweki imavuta, ndipo agogo ambiri alibe foni ya intaneti. Komatu ntchitoyi siilira foni yodula. Mafunso ochepa a m'Chinyanja pa SMS akwanira, ndipo wosadziwa kuwerenga angamuyankhire mdzukulu kapena wazaumoyo wa m'dera lake. Zambia inayenda kale njira imeneyi: kuyambira mu 2010, Project Mwana inkatumiza pa SMS zotsatira za HIV za makanda kumakiliniki akumidzi.

Funso lolemera kwambiri n'lakuti adzayankha uthengawo ndani, poti anamwino ndi ochepa kale. Apa otsutsa akunena zoona, pakuti ku New York chomwe chinathandiza odwala ndi namwino amene anaimba foni n'kuchitapo kanthu. Wodwala akanena kuti ululu wakula koma osayankhidwa, sadzatumizanso uthenga. N'chifukwa chake ndalama zoyamba zisapite kogula makina. Zilipire namwino wa ntchito imeneyi yokha ku Chipata Central Hospital ndi ku St Francis ku Katete, wokhala ndi njira yofunsira madokotala a ku Lusaka tsiku lomwelo, ndipo morphine azipezeka kuchipatala chapafupi ndi wodwala. Zimenezi zikakonzedwa, odwala auzidwe nambala yotumizirako mauthenga.